Lipoti la ulendo wa ku Meath: mayina a minda ya ku Ireland ndi nkhani zake

A Wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu, landirani moni.

Munandituma ku msonkhano wa anthu odzipereka olemba mayina a minda, umene unachitikira m'holo ya parishi ina m'boma la Meath pa sabata yokumbukira chikhalidwe ndi zakale yotchedwa Heritage Week, mwezi wa Ogasiti. Munandipatsira mafunso awiri: ntchitoyi amaigwira bwanji, ndipo kodi muli kanthu kamene kangathandize kalasi yathu ya Loweruka, poti ana athu ambiri anabadwira konkuno koma midzi ya dziko lino amangoionera pa zenera la basi. Nazi zimene ndabwera nazo.

Minda yobiriwira ija timaiona tikatuluka mu Dublin kulowera ku Navan kapena ku Kells, yodulidwadulidwa ndi mipanda ya zitsamba, pafupifupi uliwonse uli ndi dzina lake. Si dzina la pa chikalata ayi. Ndi dzina limene bambo amatchula akamatuma mwana kukatsekulira ng'ombe, kapena akamauza wa thirakitala kokatchetcha udzu. Chilumba chonse cha Ireland chinagawidwa m'tizigawo tating'ono totchedwa townland, toposa 60,000, ndipo mayina a tizigawoti ali m'mabuku a boma. Bungwe la Ordnance Survey litayamba kujambula mapu a dziko lonse mu 1824, linatuma akatswiri, mmodzi wa iwo John O'Donovan, kuyenda m'midzi kufunsa katchulidwe ka mayina amenewo. Mapuwo anatha mu 1846, ndipo anaonetsa ngakhale mipanda ya minda yambiri, koma mayina a mindayo anawasiya. Kupatula ochepa amene analembedwa pa mapu a maesiteti akale, ena onse akhala akusungidwa pakamwa pokha.

Ndiye mlimi wokalamba akamwalira, kapena famu ikagulitsidwa kwa munthu wochokera kwina, mayina onse a pafamupo amatha kupita tsiku limodzi. Woyamba kulankhula, mayi amene wagwira ntchitoyi kwawo kwa zaka zambiri, anafotokoza kuti kutayikaku kunakula dziko lino litalowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1973. Makina anakula, minda ing'onoing'ono inayamba kuvuta kutembenukiramo, akatapila anazula mipanda, ndipo minda inayi kapena isanu inasanduka umodzi. Pa mayina asanuwo limatsala limodzi, ngati latsala n'komwe. Masiku ano ofesi ya zaulimi imadziwa munda ndi nambala ya pa fomu yofunsira ndalama za chithandizo, ndipo mlimi wachinyamata amene amadzaza mafomuwo chaka ndi chaka akuzolowera nambalayo kuposa dzina limene ankatchula agogo ake.

Anthu a ku Meath ataona zimenezi sanakhale pansi. Mu 2008 alimi, okonda mbiri yakale ndi a laibulale ya bomalo anagwirizana zoyamba kulemba. Anthu odzipereka anayenda m'madera mwawo mpaka kusonkhanitsa za minda yoposa 24,000, ndipo buku lake linatuluka mu 2013. Ntchito yofanana nayo yachitikanso ku Louth, ku Kilkenny ndi ku Westmeath.

Kagwiridwe kake ndi kamene ndikufuna a komiti akamvetse bwino, chifukwa sikafuna ndalama zambiri kapena madigiri. Wodzipereka amatenga mapu a townland imodzi, makamaka ya kwawo kumene anthu amamudziwa, n'kulemba nambala pa munda uliwonse. Kenako amapita kwa eni minda. Onse amene analankhula anatsindika mfundo imodzi: usangofunsa munthu ali khale pampando m'khitchini, yenda naye kumunda. Munthu akamayang'ana pepala amakumbukira mayina awiri kapena atatu. Akaima pa geti n'kuona chulu, mtengo ndi ngalande, mayina amabwera okha, nkhani zake zili pambuyo. Dzinalo ulilembe momwe walitchulira, osalikonza. Ngati walola, umujambule mawu pa foni. Ulembenso amene wakuuza ndi amene iyeyo anamumvera. Ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha: ulendo woyamba mlimi amakuuza kuti minda yake ilibe mayina, poganiza kuti ukufuna mayina apamwamba, ulendo wachiwiri ndiye umamva akuuza mwana wake kuti nkhosa zili ku Crockaun.

Mayina ambiri ndi wamba, sindikutayitsani nawo nthawi: Well Field, Hill Field, Road Field, The Bottoms, The Paddock, ndi The Haggard, kamunda ka kuseri kwa nyumba komwe ankaunjika udzu ndi zokolola. Komabe ngakhale wambawo amabisa zinthu. Munda wotchedwa The Ten Acres ukauyeza lero umapeza maekala 16. Sikuti makolowo ankalephera kuwerenga. Ankayeza ndi ekala yakale ya ku Ireland, imene imodzi ndi maekala 1.62 a masiku ano. Kiln Field ndi munda umene munali ng'anjo yowotchera miyala ya laimu wothira m'nthaka. Flax Hole ndi pamene panali dziwe loviikamo fulakesi kuti afewe asanamusandutse ulusi, ndipo Bleach Field ndi pamene ankayanika nsalu kuti ziyere. Ntchito zonsezi zinatha, ng'anjo zambiri zinagwa, maiwe anakwiriridwa, koma pakamwa pa mlimi zikadalipo. Palinso minda yochuluka yodziwika ndi dzina la banja limene linachoka kalekale kupita ku America kapena ku England, moti m'dera lonselo mulibenso munthu wa dzina limenelo.

Ku Meath Chiairishi chinasiya kukhala chilankhulo cha tsiku ndi tsiku zaka zoposa 100 zapitazo, kupatula ku Ráth Chairn, kumene boma linasamutsirako mabanja olankhula Chiairishi ochokera ku Connemara, kumadzulo kwa dziko, mu 1935, ndi ku Baile Ghib. Koma alimi amene satha kupanga chiganizo ngakhale chimodzi m'Chiairishi amatchulabe mawu ake tsiku lililonse osazindikira. Parkmore ndi Páirc Mhór, munda waukulu. Parkatubber ndi Páirc an Tobair, munda wa chitsime. Crockaun uja ndi cnocán, kaphiri. Gortnamona ndi Gort na Móna, munda wa kudambo lokumbamo matope akuda aja amaumitsa n'kumasonkhera moto.

Apa ndi pamene nthano zimayambira, ndipo apa ndi pamene msonkhano unakomera. Anthu akaiwala tanthauzo la mawu, khutu limasaka liwu lachingerezi lofanana nalo, kenako pakamwa pamapeka nkhani yoti ligwirizane nalo. Mphunzitsi wina wopuma pa ntchito anapereka zitsanzo ziwiri. Liwu lakuti muine limatanthauza tchire la zitsamba zowirira, ndipo ndi limene lili m'dzina la tawuni ya Moneygall. Munda wa muine ukasanduka Money Field, sipapita nthawi yaitali pasanabadwe nkhani yoti pansi pake pali mphika wa golide. Nkhaniyo imayenda mofanana m'maboma ambiri: munthu analota mphikawo usiku utatu wotsatizana, anapita kukakumba pakati pa usiku, anafika pa mwala wafulati, ndiye panatulukira chigalu chakuda kapena chimphaka cholondera chumacho, iye n'kuliyatsa liwiro, ena amati golideyo sangatuluke popanda mmodzi wa okumbawo kutaya moyo. Chitsanzo chachiwiri ndi minda imene dzina lake muli Kill. Liwulo limachokera ku cill, katchalitchi, kapena ku coill, nkhalango, koma khutu lachingerezi limamva kupha, ndipo posakhalitsa mumamva kuti asilikali a Oliver Cromwell, mkulu wa nkhondo wa ku England, anapherapo anthu. Cromwell anachitadi zoopsa ku Drogheda mu 1649, pafupi pomwepa, choncho dzina lake limakhala lokonzeka kulowa m'nkhani iliyonse ya magazi.

Ena m'holomo ankaona ngati nkhani zoterezi n'zongosokoneza, zofunika kuzipatula kuti patsale tanthauzo lenileni. Ine maganizo anga ali kwa amene ankati zonse ziwiri zilembedwe. Katswiri wa chilankhulo anene kumene dzina linachokera, inde, koma nkhani ya mphika wa golide nayonso ndi umboni. Imatiuza za anthu osauka amene ankalima nthaka ya eni ake, kulipira lendi, n'kumalota kuti pansi pa khasu lawo pali chowaombola. Ukaifufuta chifukwa choti si yoona, wataya mbali ya mbiri imene mabuku a eni malo sanalembe.

Masana a tsikulo anationetsa gwero limene aliyense wa ife angathe kulitsekula ali kunyumba. Bungwe la Irish Folklore Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1935 motsogozedwa ndi Séamus Ó Duilearga, linagwirizana ndi unduna wa zamaphunziro ndi bungwe la aphunzitsi kuti ana a sukulu za pulaimale atumidwe kwa makolo, agogo ndi anansi kukafunsa zakale. Kuyambira 1937 mpaka kumayambiriro kwa 1939, ana oposa 50,000 a m'sukulu pafupifupi 5,000 analemba masamba okwana pafupifupi 740,000. Seán Ó Súilleabháin ndiye anakonza kabuku ka mitu yoti ana azifunsa, ndipo pa mituyo panali mayina a malo, chuma chobisika, malinga a mizimu, nthawi ya njala, ndi nthawi imene Akatolika ankaponderezedwa. Zolembazo zili ku University College Dublin, m'nkhokwe imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa zolembedwa zofunika kwambiri pa dziko lonse mu 2017, ndipo zikuwerengeka pa intaneti pa duchas.ie, m'zilembo za anawo. Taganizirani: agogo amene ankayankha mafunso mu 1937 anali ana kapena adzukulu a anthu amene anaona njala yaikulu ndi maso awo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo amene anakatunga m'dambomo anali ana a zaka 11 mpaka 14.

Njala imeneyo, ya 1845 mpaka 1852, inabwera chiwawu chitawononga mbatatesi imene osauka ankadalira. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, enanso oposa miliyoni anathawa m'dziko. M'minda yasiya zizindikiro ziwiri: mizere yakale ya mbatatesi imene imaonekabe pansi pa msipu m'mphepete mwa mapiri, ndi mayina. Pali minda yodziwika kuti ndi momwe munali chiphika chophikira phala la anjala, ina momwe anakwiriramo akufa popanda bokosi. Palinso chikhulupiriro cha féar gortach, udzu wa njala. Amati m'minda ina muli kamalo kamene ukapondapo umagwidwa ndi njala yoopsa mwadzidzidzi, mawondo n'kulobodoka, ngakhale utangodya kumene, ndipo ambiri amafotokoza kuti pamenepo panagwera munthu wa njala n'kufera pomwepo. Mankhwala ake ndi kuyenda ndi kachidutswa ka buledi m'thumba. Bambo wina wachikulire anati bambo ake sankadutsa munda wina wa kwawo opanda kanthu m'thumba la jekete, ndipo ankawauza anawo chifukwa chake. Palibe anaseka m'holomo. Munthu amene anafera pamenepo dzina lake linaiwalika, manda alibe, koma banja limene silinali lake n'komwe lakhala likumukumbukira nthawi iliyonse likamadutsa.

Zina ndingozitchula mwachidule. Pali fóidín mearaí, kachigamba ka udzu kamene ukakaponda usiku umasokonezeka m'munda woudziwa bwino, kuzungulira mpaka mbandakucha osapeza geti, pokhapokha utavula jekete n'kuivala chotembenuza. Pali Mass Field, Páirc an Aifrinn, ndi miyala yotchedwa Carraig an Aifrinn, kumene ansembe ankachitira Misa mobisa pa nthawi ya malamulo opondereza Akatolika amene anayamba m'zaka za m'ma 1690, anyamata ataima pa zitunda kuyang'anira asilikali. Ku Meath kuno kulinso manda a ma Croppy, anthu amene anaukira ulamuliro wa Britain mu 1798 ndipo ankameta tsitsi lalifupi. Ena anafera pa phiri la Tara pa 26 Meyi chaka chimenecho, ena anali ochokera ku Wexford amene anaphedwa m'minda ya kumpoto kwa bomali mu Julaye. Alimi ambiri mpaka lero amalambalala ndi pulawo kangodya kamene amati pagona mmodzi wa iwo.

Chakumadzulo tinapita pa famu ina, mwini wake atatilola, kukaona munda wotchedwa Fort Field. Pakati pake pali chizungulire cha dothi lokwezeka chokhala ndi ngalande kunja kwake, pamwamba patamera mitengo yaminga. Akatswiri ofukula zakale amati malinga oterewa, ráth kapena lios, anali mabwalo a mabanja a alimi a zaka za pakati pa 500 ndi 1000, otchingira anthu ndi ng'ombe zawo, ndipo pa chilumba chonse cha Ireland alembedwa oposa 40,000. Anthu a kumudzi ankanena zina. Ena ankati anamanga ndi ma Dane, ankhondo akale ochokera kutsidya la nyanja, koma ambiri ankati ndi mokhala anthu osaoneka, amene sawatchula dzina mwachisawawa koma amangoti anthu abwino aja. Wodula mtengo pa linga, wotengapo mwala kapena wolimapo, ng'ombe zake zimafa, kapena iye amadwala, kapena mwana wake amalumala. Mwini famuyo, bambo wa zaka za m'ma 70 amene ali ndi makina amakono ndi foni m'manja, anatiuza mosabisa kuti iye za mizimuzo sazikhulupirira, koma sangadule ngakhale kanthambi pamenepo, ndipo mwana wake anamuuza kale kuti asadzayerekeze.

Lamulo la dziko limateteza malo oterewa, koma lamulo loyamba la boma lino pa nkhaniyi ndi la 1930, pamene malingawa aima zaka zoposa 1,000. Chimene chinawalondera nthawi yonseyo ndi dzina ndi nkhani yake. Ambiri mwa amene anagumulidwa anagwa m'zaka za akatapila zija, mantha atayamba kuchepa. Ndipo mphamvu ya nkhanizi sinatheretu. Mu 1999, pomanga msewu waukulu ku Latoon m'boma la Clare, katswiri wa nthano Eddie Lenihan anachenjeza kuti kamtengo kaminga kamene kanali m'njiramo ndi pokumanira mizimu ya m'chigawo cha Munster ikamapita kunkhondo ndi ya m'chigawo cha Connacht. Nkhaniyo inamveka mpaka kunja kwa dziko, ndipo msewu unamangidwa kamtengoko katasiyidwa chilili.

Koma nkhani imene yandikhala pamtima ndi ya cillín, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndikhalitsepo. Anaifotokoza ndi mayi wina wochokera ku Galway. Kwa zaka mazana angapo, mpaka m'zaka za m'ma 1900, mwana womwalira asanabatizidwe sankaikidwa m'manda odalitsidwa a tchalitchi. Anthu ankaphunzitsidwa kuti mwana wotere amapita ku Limbo, osati kumwamba. Ndiye ankamuika pa kamalo kapadera kotchedwa cillín: pa bwinja la katchalitchi kakale, m'kati mwa linga, m'malire a minda, kapena m'mphepete mwa nyanja. Kawirikawiri ankapita ndi bambo wa mwanayo ndi mbale wake mmodzi, usiku kapena kusanache, kabokosi kali m'khwapa, popanda wansembe, popanda maliro, mayi ali chigonere kunyumba. Chizindikiro chinali kamwala kopanda chilembo. Pamalo omwewo ankaikaponso alendo osadziwika kwawo, anthu amene nyanja yawalavula, ndi odzipha. Malo oterewa alembedwa oposa 1,400, ambiri kumadzulo kwa dziko. Amayi a m'gulu lathu akumvetsa chimene ndikunena, chifukwa kwathunso mtayo timauika mwakachetechete, popanda kulira mokweza, ndipo mayi amayembekezeka kupukuta misozi msanga n'kupitiriza moyo.

Tsono ana amenewa sali m'kaundula wa manda. Chimene chimasonyeza kuti alipo ndi dzina la munda: Killeen Field, The Lisheen, The Caldragh. Mlimi amene akudziwa dzinalo salimapo, sakumbapo ngalande, ndipo ena amatchingira kuti ng'ombe zisapondepo. Wogula famu amene sanauzidwe dzina amangoona timiyala tosokoneza makina. Mayi wa ku Galway uja anati kwawo anthu atayamba kulemba mayina a minda, agogo ena aakazi amene anakhala chete zaka 60 anayamba kunena kuti mwana wawo, kapena mlongo wawo, ali pakutipakuti. M'zaka zaposachedwa maparishi ambiri akhala akulambula malowa, kuikapo mwala wa chikumbutso ndi kuchitirapo Misa, ndipo mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu la ku Vatican linalemba kuti pali zifukwa zomveka zoyembekezera kuti ana omwalira osabatizidwa amapulumuka. Mawu amenewo anafika mochedwa kwa amayi ambiri. Koma akanafika n'kupeza mayina a minda atatayika, sipakanakhala ngakhale poti anthu akaime n'kupemphera.

Sikuti zonse anthu anagwirizana. Mkangano woyamba unali wa kalembedwe. Okonda Chiairishi ena amafuna dzina lilembedwe m'kalembedwe koyenera ka chilankhulocho, pamene ena amati ukalikonza wabisa umboni, chifukwa katchulidwe kopotoka kaja nthawi zina ndi kokhako kamene katsala kosonyeza momwe anthu a m'deralo ankalankhulira. Anamaliza pa mfundo yoti choyamba chilembedwe chimene khutu lamva, ndipo maganizo a katswiri abwere pambali pake. Pa logainm.ie, nkhokwe ya boma ya mayina a malo, palinso gawo lotchedwa Meitheal Logainm limene anthu wamba amaikapo mayina ang'onoang'ono oterewa.

Wachiwiri unali wa kuika malo pa mapu a pa intaneti. Alimi ena amaopa kuti dzina ngati Money Field likaonekera poyera, usiku kubwera anthu ndi makina osakira zitsulo kudzakumba. M'dziko muno kusaka zinthu zakale ndi makina amenewo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chopezeka m'nthaka chiyenera kukanenedwa ku National Museum of Ireland, koma mlimi amene geti lake lasiyidwa lotsekula ng'ombe n'kulowa mumsewu salimbikitsidwa ndi lamulo lokhalo. Apa anagwirizana kuti mwini munda ndiye azinena chimene chituluke poyera.

Wachitatu ndi umene unatenthetsa m'holo. Pa nthawi ya nkhondo ya malo, bungwe la Land League lomenyera ufulu alimi olipira lendi litakhazikitsidwa mu 1879, munthu wotenga famu ya banja limene lathamangitsidwa chifukwa cholephera lendi ankatchedwa grabber, wolanda, ndipo mudzi wonse unkamusala. Minda ina mpaka lero imatchulidwa dzina la banja lothamangitsidwalo, ndipo anansi ankachita dala kuti mlanduwo usaiwalike. Zidzukulu za mbali zonse ziwiri zikadalipo, zimakumana kutchalitchi ndi ku mpira. Kodi nkhani yotere ilembedwe m'buku? Ena anati choonadi ndi choonadi. Ena anati ntchitoyi imayenda ndi chikhulupiriro cha anansi, ndipo ukachititsa manyazi banja limodzi mageti onse a m'deralo akutsekekera. Sanamalize. Ine ndikuona kuti dzinalo lilembedwe monga lilili, nkhani yake isungidwe ku laibulale, koma isasindikizidwe eni ake asanafunsidwe. Mdzukulu sanalande munda, komanso banja lothamangitsidwalo lisathamangitsidwe kachiwiri pochotsa dzina lake.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, la kalasi ya Loweruka. Ndikupempha komiti ivomereze kuti teremu ikubwerayi mwana aliyense wamkulupo atsekule duchas.ie, apeze sukulu yapafupi ndi kumene akukhala, awerenge zimene ana a pamenepo analemba mu 1937 ndi 1938, ndipo adzatifotokozere m'Chichewa. Apindula pawiri: adziwa nthaka imene akuyendapo, ndipo akakamizika kusaka mawu athu a chitsime, dambo, linga ndi bwinja. Mayina a misewu ndi malo a nyumba zatsopano m'matawuni monga Navan, Drogheda ndi Balbriggan ena amachokera ku ma townland ndi minda imene inali pamenepo, choncho ana ena adzapeza kuti adiresi yawo yomwe ili ndi nkhani.

Atamaliza zimenezo, atembenukire kwathu. Pa msonkhanopo bambo wina anandifunsa ngati ife timatcha minda mayina, ndipo ndinamuyankha kuti timatero, potengera mwini wake wakale, mtengo, mtsinje kapena chimene chinachitikapo. Ana aimbire agogo awo pa WhatsApp, awapemphe atchule minda, madimba, zitsime ndi madambo a kumudzi, afotokoze chifukwa cha dzina lililonse, ndipo mawuwo tiwasunge monga anenedwera, dzina la wonena ndi mudzi wake zili pomwepo. Njira ndi yomwe ija ya ana a 1937, kungoti ife tili ndi foni.

Pali mfundo ina imene ndikuipereka mosamala. Ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ena mwa amene timawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi alimi opuma amene mitu yawo yadzaza ndi mayina amenewa. Sindikunena kuti tiyambe kuwajambula mawu kuntchito. Zimenezo malamulo a ntchito yathu salola popanda chilolezo cha iwo eni, abale awo ndi akuluakulu a pamalopo. Koma kufunsa gogo kuti minda ya kwawo inkatchedwa chiyani ndi macheza abwino, ndipo mukaona kuti akudziwa zambiri, uzani ana ake kuti ku khonsolo ya boma lawo kuli ofesala woona za chikhalidwe ndi zakale amene angawalumikize ndi olemba mayina.

Mwini famu ya Fort Field uja wavomera kulandira ana athu nyengo ikayamba kufunda, ng'ombe zikatha kubereka, bola tidziwitse msanga, tisapite ndi agalu, ndipo aliyense avale majombo. Zimenezi zifuna basi, choncho ndikupempha kuti nkhani ya mtengo wake ndi chilolezo cholembedwa cha makolo ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu ukubwerawu. Malisiti a ulendo ndi ndalama zotsala ndapereka kwa a msungichuma, ndipo mapu achitsanzo pamodzi ndi fomu imene odzipereka amadzaza ndawasiya kwa a mlembi kuti aliyense wofuna aone.

Ine nthumwi yanu.